Unagula Gemu, Kapena Unangocita Lenti?

Wogulitsa magemu woona mtima kuposa onse amene ndimawadziwa sali ku Tokyo kapena ku California. Ali mu Kanyama muno, m'kashopu ka malata kumbuyo kwa Los Angeles Road, ndipo cuma cake conse ndi ma TV atatu, benchi imodzi ndi mapadi omangidwa ndi tepi. Mumamudziwa, pakuti ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere alikonso, nkhope yokha ndiyo imasintha. Ukamupatsa kobiri yako amakuuza cimene wagula: mechi imodzi ya FIFA. Ikatha, padi upatse wina. Sananenepo kuti TV ndi yako. Ndipo malaiti akapita mechi ili pakati, pali lamulo limene silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa.

"Mudala, sitinasilize."

"Uzabwela ukateye mailo. Nakuziba iwe."

Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti ankapita maola 17 kapena kuposa pa tsiku, ndipo lamulo limeneli linayesedwa zedi. M'mashopu amene ndinkapitako linagwira nchito. Mwini shopu sanali woyera mtima ai, koma ankadziwa kuti akadya K2 ya mwana wa anthu, mawa akumana ndi amai ake pa pompi.

Funso limene landisowetsa mtendere ndi ili: munthu akalipira ndalama zambiri kuposa pamenepo, nadina batani lolembedwa kuti "gula", kodi wagula ciani? Ndipo ngati cimene wagula cimukanika m'manja, mlandu ndi wa ndani, wake kapena wa wogulitsa?

Tiyambe ndi nkhani imene inacitikadi. Mu December 2014 kampani ya ku France yochedwa Ubisoft inatulutsa gemu ya mamotoka, The Crew. Anthu anaigula pa mtengo wathunthu, ena pa disiki, ena pa intaneti. Gemuyo inali yakuti ngakhale ufune kuseŵera wekha, makina ako ayenera kulankhula ndi makompyuta a kampani. Mu December 2023 anaicotsa pa msika. Pa 31 March 2024 anazimitsa makompyuta aja, ndipo kuyambira tsiku limenelo gemu inafa kwa aliyense, kuphatikizapo amene disiki yao inali ikali yonyezimira m'bokosi. Ena mwa ogula atapita ku khoti ku California, maloya a kampaniyo anayankha kuti anthuwo sanagule gemu kuti ikhale yao, anangopatsidwa laisensi yoiseŵera.

Liwu lakuti laisensi si lacilendo kwa ife a m'komboni. Funsani agogo amene anamanga nyumba mu Kanyama kuti ali ndi pepala lanji. Ambiri alibe taitolo ngati ya ku Kabulonga. Ali ndi laisensi yokhalira pa malo yocokera ku khansolo, ya zaka 30. Malo si ao kwenikweni, koma pepalalo limanena zaka, ungalisiyire ana, ndipo nyumba ungaigulitse. Laisensi ya gemu imacepa ngakhale pamenepo. Siinena kuti udzaseŵera mpaka liti. Sungaigulitse. Sungaisiyire mng'ono wako. Ndi lenti imene walipira pa mtengo wa puloti, ndipo ba landilodi angabwere usiku uliwonse kudzacotsa malata. Boma la California linaona kuti apa pali cinyengo ca mau, ndipo mu September 2024 linakhazikitsa lamulo lakuti sitolo ya pa intaneti isalembe kuti "gula" popanda kuuza munthu momveka kuti akulandira laisensi cabe. Pasanapite nthawi, Steam, sitolo yaikulu ya magemu a pa kompyuta, inayamba kuonetsa cenjezo limenelo munthu asanalipire.

Pali anthu amene amati zonsezi ndi mlandu wa wogula. Ndinakanganapo ndi mkulu wina wophunzira bwino amene anati, "Zonse zinalembedwa. Munthu anadina kuti wavomera. Akanawerenga." Mau awa amamveka anzeru, ndipo sindiwataya onse. Munthu wamkulu ayenera kudziwa cimene akuponyera ndalama yake. Koma tiyeni tione cimene akutiuza kuti tiwerenge. Ndi masamba ambirimbiri a Cizungu ca maloya, cimene ngakhale amene anakhoza Giredi 12 amagwa naco ulesi, pa kagalasi ka foni, mabandulo akutha. Ukawerenga n'kupeza mzere umene sukuufuna, palibe munthu wokamba naye. Pa Soweto ungauze mai wa tomato kuti aonjezeko imodzi, apo ayi upita kwa mnzake. Apa pali mabatani awiri, kuvomera kapena kucoka. Ndipo m'mapanganowo kambiri mumakhala mzere wakuti kampani ingawasinthe pamene yafunira. Ndiye ngakhale uwerenge lero, wavomera zinthu zimene zidzalembedwa caka camawa. Ine sindiona kuti pangano lotere lingasenzetse munthu mlandu wonse. Kuti munthu akhale ndi udindo pa cosankha cake, payenera kukhala cosankha.

Kwa ife a ku Zambia nkhani imapita patali kuposa pamenepo, ndipo apa ndi pamene ndifuna tikhalitsepo. Aliyense amene anatsegulapo akaunti ya PlayStation amadziwa kamphindi kaja. Makina amakufunsa dziko lako. Umatsika ndi mndandanda mpaka pansi, ku zilembo zomaliza, ndipo Zambia palibe. Malawi palibe. Mu Africa yonse pali South Africa yokha. Ndiye umacita zimene aliyense amacita: umasankha South Africa, kapena United Kingdom, kapena United States, n'kufuna adilesi ya hotela ina ya ku Johannesburg imene sunaionepo. Pangano lomwe lija limati upereke zoona zokhazokha za iwe mwini. Conco tsiku loyamba, usanagule ngakhale gemu imodzi, waswa kale pangano, ndipo palibe njira ina yolowera. Makinawo anagulitsidwa mu Lusaka poyera, m'mashopu a ku mamolo ndi pa Town Centre, ndalama inalandiridwa, koma pa mabuku a kampani iwe kulibe. Kuli munthu wina wa ku Sandton amene ali ndi dzina lako.

Mu May 2024 zimenezi zinaonekera poyera. Sony inalengeza kuti onse oseŵera Helldivers 2 pa kompyuta ayenera kulumikiza akaunti ya PlayStation, gemu itagulitsidwa kale kwa miyezi itatu. Anthu a m'maiko amene mulibe maakauntiwo anafunsa kuti nanga ife? M'masiku omwewo gemuyo inacotsedwa pa msika wa Steam m'maiko ndi zigawo zoposa 170. Phokoso litakula, Sony inabweza lamulo lolumikiza akaunti patangopita masiku ocepa. Koma phokoso limene linamveka linali la ogula a ku America ndi ku Ulaya. Tikanakhala tokha, sindikhulupirira kuti wina akanatembenuka.

Tsopano taganizani. Akaunti ija ya bodza ikatsekedwa, ndi magemu onse amene unagulamo, ukadandaule kuti? Monga ndani? Ufulu wa wogula umayamba pamene wogulitsa wavomera kuti uliko.

N'cifukwa cake sindidabwa kuti mu komboni magemu ambiri ndi okopa. PlayStation 2 yoikidwa chip, magemu makumi awiri pa fulashi imodzi, mpira wa caka cakale umene wina anaukonza kuti mukhale Nkana, Zesco United ndi Power Dynamos. Anyamata ali ndi yankho lokonzeka ukawafunsa: ngati kugula sikupangitsa cinthu kukhala cako, ndiye kukopa si kuba. Amaonjezanso masamu. Gemu yatsopano ya makampani akuluakulu imagulidwa madola 70. Kumapeto kwa 2024, dola ili pafupi ndi K27, imeneyo inali pafupifupi K1,900, pamene malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba anali K1,300 pa mwezi. Pa nthawiyo mai amene ankacapa ndi kukolopa ku Makeni mwezi wathunthu sakanakwanitsa gemu imodzi. Kampani siinataye kasitomala pa mwana wake, pakuti sanali kudzagula n'komwe.

Ndimavomereza theka la mfundo imeneyi. Sindingaimirire pa khomo la kashopu kaja ndi kuuza ana a zaka khumi kuti ndi mbala. Koma theka linalo limandivuta. Coyamba, mau akuti "kukopa si kuba" sasankha. Amagwira kampani ya mabiliyoni, amagwiranso anthu ocepa amene anakhala zaka m'kacipinda akupanga gemu yao yoyamba. Ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, kagulu kochedwa Kiro'o Games kanatulutsa Aurion mu 2016, atalimbana ndi malaiti opita ngati athu omwewa. Ku Johannesburg, Nyamakop inatulutsa Semblance mu 2018. Tsiku lina adzakhala mtsikana wa ku Matero amene anaphunzira kulemba mapulogalamu pa laputopu ya salaula. Oimba athu angakuuzeni mmene zimawawira kumva nyimbo yako m'basi iliyonse ya ku Kanyama iwe ulibe ya lenti. Cizolowezi cimene taphunzira pa magemu a Azungu sicidzafunsa pasipoti gemu ya kwathu ikadzafika. Ndiye ngati munthu ali nayo ndalama, ndipo wopanga ndi wamng'ono, ndipo njira yolipira ilipo, kunena kuti "onse ndi akuba" ndi kudzikhululukira cabe.

Caciwiri ndico cacikulu. Tikamakamba za udindo wa wogula timayang'ana kumwamba, kwa makampani, ngati kuti iwo okha ndiwo tingawalakwire. Koma anthu amene timawapweteka kwenikweni pa malonda a magemu ali pafupi, ena timadya nao mbale imodzi.

Mng'ono wa mnzanga anasunga ndalama miyezi inai, akugwira nchito yonyamula katundu pa wilibala Loweruka ndi Sondo. Anagula akaunti yokhala ndi magemu asanu kwa mnyamata wina amene anamupeza pa gulu la pa foni. Anatuma ndalama, analandira pasiwedi, anaseŵera milungu itatu. Tsiku lina pasiwedi inakana. Wogulitsa anali ataibweza akaunti ija ndi imelo yake, naigulitsanso kwa wina, mwina wacitatu kapena wacinai. Nambala inali yozima. Amene anacita izi si kampani ya kunja. Ndi mnyamata wa mu Lusaka momwe muno, amene mosakaika nayenso amadandaula kuti makampani amatidyera masuku pamutu. Anaphunzira bwino phunziro lao, lakuti ungagulitse cinthu n'kukhalabe naco, ndipo analigwiritsa nchito pa mwana wa wilibala. Ndipo onani msampha wake: popeza mapangano amaletsa kugulitsana maakaunti, wobedwayo sangapite n'komwe kwa eni sitolo kukalira. Akangonena, wadziulula yekha.

Palinso ndalama zimene zimatuluka pang'onopang'ono. Masiku ano ana ambiri a m'komboni saseŵera pa TV, amaseŵera pa foni: Free Fire, PUBG Mobile, eFootball. Kulowa ndi kwaulere. Ukalowa, akugulitsa madayamondi, makoini, zovala za kamunthu kako, ndiponso mabokosi amene sudziwa cili mkati mpaka utalipira. Mwina mutuluka woseŵera mpira wochuka, kambiri mutuluka zinyalala, ndipo mtima umati yesanso kamodzi. Ife tinakula tikuona makina a bonanza pa makonde a mashopu ndi m'mabala, ndipo tonse timadziwa kuti mwana sayenera kuwayandikira. Bokosi la m'gemu ndi bonanza imene yalowa m'nyumba, ili pa foni ya amai, pamene pali ndalama ya malasha ndi kapenta. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi olipira otere ndi njuga, ndipo mu January 2019 kampani ya EA inaleka kugulitsa mapointi a FIFA kumeneko. Ku America, mu December 2022, Epic Games, eni Fortnite, anavomera kulipira madola 520 miliyoni, ndipo 245 miliyoni mwa amenewo anali obwezera anthu amene anakokedwa kugula zinthu mosafuna cifukwa ca mmene mabatani anaikidwira. Ndiye si kuti ana athu ndi opusa. Pali anthu ophunzira amene amalipidwa kuti apeze pamene cala ca mwana cidzagwera.

Koma pano ndi pamene ndimati udindo ulipodi, ndipo suli pa mwana. Uli pa ife akulu ake, a zaka 19 kapena 25, amene timadziwa mmene zinthuzi ziyendera. Amai sadziwa kuti dayamondi ndi ciani. Iwe udziwa. Ngati unamuonetsa mfana wako mogulira, ngati unamuseka kuti kamunthu kake kavala zaulere ngati wosauka, ngati PIN ya amai anaiona pa zala zako, usadzaloze ku Singapore ndalama ya ndiwo ikasowa. Mlandu wa kampani sucotsa wako.

Nanga lamulo lathu likuti ciani? Anthu ambiri sadziwa kuti cikwangwani ca "No Refund" cimene cimapacikidwa m'mashopu a m'tauni ndi coletsedwa. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wogulitsa kuika cikwangwani cokana udindo wake, ndipo limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwira nchito imene anagulidwira. Bungwe la CCPC lilipo kuti lilandire madandaulo otere. Ukagula padi kapena makina m'shopu ndipo afa tsiku laciwiri, uli ndi poyambira, makamaka ngati uli ndi lisiti. Apa ndiye pali kaudindo kakang'ono kamene tonse timakanyozera. Timaopa kupempha lisiti kuopa kuoneka ovuta, kapena timalola kuti atichipitsireko K50 kuti tisalembetse. Kapepala kameneko ndiko kamasandutsa "mudala nithandizeniko" kukhala "bwezani ndalama yanga".

Dzanja la lamulo limeneli limafika pa Town Centre ndi ku Kamwala. Kufika kwa kampani imene ilibe ofesi muno, imene imati ndiwe wa ku Sandton, ndi nkhani ina. Komabe si zosatheka. Ku Australia, bungwe loteteza ogula linatengera Valve, eni Steam, ku khoti cifukwa cokana kubweza ndalama. Valve inati ife tili ku America, siticita malonda m'dziko lanu. Khoti linakana, linati ngati mulandira ndalama za anthu a kuno ndiye mucita malonda kuno, ndipo mu December 2016 linailipiritsa madola a ku Australia 3 miliyoni. Mlanduwo uli mkati, mu 2015, Steam inayamba kubweza ndalama kwa aliyense amene wapempha pasanathe masiku 14 ngati sanaseŵere maola opitirira awiri. Lamulo limenelo limathandiza ndi wa ku Kalingalinga yemwe, ngakhale kuti amene analimenyera sanamvepo dzina la Kalingalinga. Pambuyo pa imfa ya The Crew, munthu wina wa pa YouTube, Ross Scott, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yopempha kuti kampani ikaleka kusamalira gemu iisiye ili yoseŵereka. Mu July 2025 pempho lao ku European Union linapitirira masaini 1 miliyoni. Ife sitikanasaina, linali la nzika za kumeneko zokha.

Zimandiwawa kuti ufulu wathu timaulandira ngati zovala za m'belo, utavalidwa kale ndi ena. Zambia payokha ndi msika waung'ono, kampani ingaunyalanyaze osamva kanthu. Koma likulu la COMESA lili pa Ben Bella Road, mtunda woyenda ndi miyendo kucokera ku Kanyama, ndipo bungwe lake loona za mpikisano wa malonda ndi madandaulo a ogula odutsa malire lili ku Lilongwe. Maiko 21 pamodzi si msika waung'ono. Mabungwe otere amayenda ndi madandaulo olembedwa, ndipo ife oseŵera timadandaulira m'magulu a pa foni, kumene mau amakwiririka pofika m'mawa. Tinazolowera kuganiza kuti gemu ndi zacibwana, zosayenera kupita nazo ku ofesi. K1,900 si yacibwana.

Ndachula belo, ndipo pali cinthu cimodzi cimene anthu a ku maiko olemera saciona bwino pa nkhani imeneyi, cifukwa sakhala moyo wathu. Komboni imakhala ndi moyo pa zinthu zimene zinagwirapo kale nchito kwina. Jekete, foni, firiji, Corolla, zonse zinali ndi mwini woyamba. Magemu anafika kwa ife pa njira yomweyo. Mwana wa ku Leeds anatopa ndi disiki yake, inalowa m'katoni, inafika ku Lusaka, inadutsa m'manja asanu, ndipo aliyense anaigula motsika kuposa mnzake. Palibe amene anaba. Disiki ungaibwereke, ungaisinthanitse ndi ina, ungaigulitse lenti ikavuta. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gemu ya pa akaunti ilibe mwini waciwiri. Imakhala pa dzina la wogula woyamba mpaka kampani itazimitsa, ndipo siidzafika pa Soweto. Kuyambira 2020 PlayStation 5 ili ndi mtundu wopanda polowetsa disiki, ndipo Xbox Series S ilibiretu. Makina amenewa akadzakalamba n'kufika kuno m'makatoni zaka zikubwerazi, adzafika opanda kanthu mkati, akufunsa pasiwedi ya munthu wa ku Leeds.

PlayStation 2 inatuluka mu 2000, ambiri a inu musanabadwe, ndipo m'mashopu ena a mu Kanyama ikali kulira mpaka lero, fani yake ikukoka fumbi la mu October. Disiki ya The Crew ndi ya 2014. Nchito imene yaitsalira ndi kulendewera pa galasi la minibasi.